Mapazi a Apongozi

A Enifa mkamwini wawo ankamudziwa chakumsana. Zaka zinayi Hudson ali pamudzi pawo, kuseri kwa msika wa Thuchila, koma mukanawafunsa kuti mphuno yake njotani akanakutumizani kwa mwana wawo Estele, mwini wake wa mwamunayo. Iwo chimene ankachidziwa bwino ndi msana ndi zidendene, poti ndizo ankaziona tsiku ndi tsiku mnyamatayo akudumphira m'chinangwa kuwapatukira. Mwambo unali womwewo umene anaupeza: mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake aakazi, salankhula nawo, ndipo akakumana panjira wina alowe patchire. Pa zimenezi Hudson analibe mnzake. Tsiku lina, pothawa kukumana nawo panjira ya kumtsinje, analowa m'chitedze, nakanda thupi masiku awiri osadandaula.

Koma amene anakonza mwambowo anatseka maso ndi pakamwa, makutu n'kuwaiwala. Pakati pa nyumba ya a Enifa ndi ya Estele panali mpanda wa udzu basi, ndipo udzu subisa mawu.

Madzulo aliwonse, akaweruka ku fakitale ya tiyi kumene ankaumitsa masamba, Hudson ankakhala kuseri kwa mpandawo ndi mnzake Jailosi, bambo wa ana atatu amene ankayendetsa thirakitala ya pa esiteti. Jailosi ankapanira bokosi la tiyi lopanda kanthu pakati pa miyendo n'kumaliomba ndi zikhatho, du-du-pha, du-du-pha, Hudson n'kumalankhula pamwamba pake. Osati kuimba ayi, kulankhula, mothamanga, mawu akupondana zidendene. Tsiku loyamba a Enifa anayesa akukalipira mwana wawo, mpaka anatola chikuni.

“Iwe Estele, tabwera kuno. Amuna akowo wawalakwira chiyani?”

“Palibe, amayi. Akuimba.”

“Akuimba? Nanga nyimbo yake ili kuti?”

“Ndi yomweyo. Amati rapu.”

A Enifa anabweza chikuni pamoto. Matenda a masiku ano ngambiri, anatero mumtima.

Matendawo Hudson anawatengera kwawo ku Muloza, asanakwatire, pamene ankanyamula katundu wa amalonda pa njinga kuchoka pachipata cha malire. Dalaivala wina wa lole anamupatsa kaseti ya anyamata akuda a kutsidya kwa nyanja. Chizungu chawo Hudson sanamvemo ngakhale theka, koma kalankhulidwe kawo kanamulowa m'magazi. Anaimvera mpaka wailesi inaitafuna. Kaseti itafa, iye anasunga mayendedwe ake n'kuikamo mawu akeake a Chichewa, apo ndi apo ka Chilomwe ka amayi ake. Anadzitcha Emusi Chiperoni: Emusi monga amadzitchulira oimba rapu, Chiperoni ati poti mawu ake akayamba sakata msanga, ngati mvula yamawawa ija imachokera ku Mozambique.

Ntchito yake ya uyimbi, tinene zoona, sinayambe ndi nthungululu. Paukwati wina ku Chonde agogo awiri anamugwira manja n'kumukhazika pansi, ati wagwidwa ndi mizimu ya nantongwe, aitaniridwe ng'oma. Pamsika wa Thuchila ogulitsa nanazi ankamuseka mpaka misozi. Koma sabata yotsatira omwewo ankamuitana, “Chiperoni, tabwera utilankhulire ija ya dengu,” ndipo pofika chaka chachitatu ana asukulu ankadutsa pamsewu akubwereza mawu ake osadziwa n'komwe kuti mwini wake ndani.

A Enifa nawo, amene anathyola tiyi zaka makumi awiri ndi mphambu, tsiku lina anadzipeza manja awo akuthyola motsatira bokosi la Jailosi, milomo ikugwedera yokha:

Mbandakucha, mame m'miyendo, dengu kumsana,
masamba awiri ndi nsonga, manja akupikisana,
phiri lavala chipewa, ife tavala thumba,
amene amwe tiyiyu sadziwa yathu nyumba.

Anayang'ana uku ndi uku kuona ngati wina wawamva. Manyazi anawagwira, koma dengu linadzaza msanga tsiku limenelo.

Chimene chinawamaliza chinali nyimbo ina imene Hudson ankaiyeserera motsitsa mawu, akayesa kuti apongozi ake ali kudimba. Iwo anali pakhonde, akusenda kalongonda, nyemba ya kwawo kwa Alomwe ija imafuna kuphikidwa tsiku lonse n'kumataya madzi kuti isaledzeretse munthu. Anamva:

Nkhope sindiidziwa, ine ndidziwa mapazi,
adayenda m'minga kundilerera mkazi,
chala chakumanzere chidatemedwa ndi khasu,
ndikachiona poteropo ndimagwetsa pansi maso.

A Enifa anayang'ana phazi lawo lamanzere. Chala chachikulu chinali pomwepo, chikhadabo chake chogawanika pakati kuyambira chaka chimene bambo a Estele anamwalira, iwo n'kuyamba kulima okha. Palibe munthu anali atachiimbapo chala chimenecho. Anasenda kalongonda yense misozi ikugwera m'mbale, ndipo kuyambira tsiku limenelo anamukonda mkamwini wawo ngati mwana wobala okha. Kumuuza sakanatha. Ankangopatula kalongonda wabwino m'kambale kovindikira n'kupatsa Estele, amvekere, “Kawapatse bambo a Rosie, wangotsala uyu,” chonsecho aphikira iye yemweyo.

Rosie anali mwana wa Hudson ndi Estele, wa zaka zitatu, amene bambo ake ankayenda naye paphewa paliponse. Madzulo ena a Enifa anamva Hudson akudandaula kuseri kwa mpanda.

“Koma mwanayu, amake Rosie, nsidze zokumanazi ndi kampata ka m'manoka wazitenga kuti? Ine ayi, iwenso ayi.”

“Watengera amayi,” anatero Estele.

“Aa, ndiye ine ndingadziwe bwanji?”

A Enifa anaseka mpaka anadzitseka pakamwa ndi chitenje.

Mwambo wothawanawo uli ndi mapeto ake. Mkamwini akakhazikika, mwana n'kubadwa, mwinimbumba amapereka nkhuku, apongozi aakazi n'kuphika, n'kumupatsira mkamwiniyo chakudya ndi manja awo. Kuyambira pamenepo amasuka, ayang'anane, alankhulane, poti tsopano ndi wapamudzi. Koma mwinimbumba wa pamenepo anali a Filipo, mlongo wawo wa a Enifa, munthu amene anatsitsa matabwa a mkungudza pamutu kuchokera kuphiri la Chambe mpaka tsitsi linatha pakati. Kwa a Filipo ntchito inali imene imasiya zipsera. Kawiri konse a Enifa anapempha nkhukuyo, kawiri konse anakanizidwa.

“Nkhuku yanga singafere munthu woti mawa achoka,” ankatero. “Mkamwini asamakule mwendo, achemwali. Uyu wakula pakamwa.”

Kenaka chinafika chaka cha 1992, chaka cha chilala, chimenenso kalata ya mabishopu yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi anthu n'kuyamba kuyenda atameza lilime. Mphunzitsi wina wa kufupi komweko anatengedwa ndi galimoto masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe anafunsa kuti walakwanji. M'masiku amenewo ndi mmene ahedi a pasukulu, amene ana awo ankamukonda Chiperoni, anamulemba pa ndandanda wa zisangalalo zotsekera Sabata ya Achinyamata, pamaso pa akuluakulu a chipani.

A Filipo atamva anabwera okha, nakhala pa mtondo wogoneka pakhomo pa mlongo wawo.

“Achemwali, pakamwa paja patiphetsa. Anthu akungokhala chete, iye ndiye akalankhule mawu mazanamazana pa maikolofoni? Mwa mawu onsewo sipangapezeke limodzi loti wina alimve molakwika?”

“Amaimba za tiyi, achimwene.”

“Tiyi ali ndi eni ake. Ine ndanena, ndipo ankhoswe ndawauza kale. Loweruka akakachita chotichititsa manyazi, kaya chotiitanira galimoto pakhomo pano, amange mphasa yake abwerere ku Muloza. Mwana ndi wathu, atsala.”

Mantha anawagwira a Enifa, mantha enieni. A Filipo sankalankhula kawiri. Anaganiza za mpanda uja uli zii madzulo, za Estele akugona yekha, za Rosie akufunafuna phewa. Akanakonda kumuitana mnyamatayo, kumukhazika pansi, kumuuza kuti mwananga samala. Koma mawu anayenera kudzera kwa Estele monga mwa nthawi zonse, ndipo mawu odzera mwa munthu amafika atazizira.

“Ukawauze bambo a Rosie, ija ya ‘sadziwa yathu nyumba’ aisiye kaye.”

Estele anapita, nabwerako. “Akuti amva. Koma akufunsa ngati inu mukapezekeko. Akuti mukakakhalako sangathe kuima pamwamba inu muli pansi.”

“Ukawauze sindipita. Miyendo ikuwawa.”

Ananena zoona panthawiyo, kupatula za miyendozo. Koma Loweruka mmawa a Janeti, mtsogoleri wa amayi a chipani m'mudzimo, anayenda khomo ndi khomo ndi wenzulo m'khosi. Masiku amenewo kuvina sankachita kupempha. Hudson anali atapita kale ndi Jailosi kukakonza malo, Estele naye anali atatsogola ndi mwana. A Enifa anavala chitenje cha chipani, namanga duku mpaka m'nsidze. Tisawanamizire kuti anapita mokakamizidwa kokha. Mtima wawo unkavina. Zaka zinayi akumva mawu, lero akaona pakamwa pake potuluka mawuwo. Ndipo ndani angawazindikire pakati pa amayi mazana awiri ovala nsalu imodzi, nanji munthu woti nkhope yawo saidziwa? Anatenganso kambale ka kalongonda, koti akapatse Estele zonse zikatha.

Bwalo la sukulu linadzaza. Mbali imodzi kunali chisakasa cha akuluakulu, pakati pake patakhala tcheyamani wa chipani wa dera lonselo, bambo wonenepa amene anthu sankakumbuka tsiku limene anamuona akuseka. Moyang'anana ndi chisakasacho panali ngolo ya thirakitala ya Jailosi, imene inasanduka siteji. Amayi atavina, a Janeti anawakhazika pansi pakati pa chisakasa ndi ngoloyo, ndipo a Enifa, mwa tsoka lawo, anapezeka mzere woyamba. Anakhala monga amakhalira amayi, miyendo yotambasula kutsogolo, mapazi opanda nsapato ataloza kungolo. A Filipo anali chapambali pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili pabondo, nkhope ngati ya munthu wodikira mlandu.

Ana asukulu anaguba. Anyamata a tchopa anavina mpaka fumbi linakwera. Kenaka ahedi anaitana, “Emusi Chiperoni!” ndipo ana onse anakuwa.

A Enifa anakweza maso pang'ono, mwakuba. Ndiye uyu? Anali wowonda kuposa mmene msana wake unkanenera, wamakutu oimirira, tsitsi atalimeta m'mbali n'kulisiya pamwamba ngati mtanda wa buledi. Mphuno yake inali yabwinobwino. Anamuona akugwira maikolofoni ndi manja awiri, ndipo anamumvera chisoni ndi kunyada nthawi imodzi.

Jailosi anayamba, du-du-pha, du-du-pha. Hudson analowa ndi nyimbo ya njinga za ku Muloza, yopanda vuto ndi munthu. Mawu anatuluka bwino, akugwa pamalo pake, ana akuwomba m'manja, ngakhale ena m'chisakasa anayamba kugwedeza nsapato. Anayenda uku ndi uku pangolopo, nafika kumapeto kwake, nawerama kuloza anthu a kutsogolo monga ankachitira pamsika.

Pamenepo ndi pamene a Enifa anazindikira kulakwa kwawo. Anabisa nkhope imene mnyamatayo sankaidziwa, n'kusiya poyera chokhacho chimene ankachidziwa. Munthu amene wakhala zaka zinayi akuyang'ana pansi mungamubisire phazi?

Maso a Hudson anagwera pa chala chogawanika chija. Mawu anaduka pakati. Sanaganize n'komwe, thupi linangochita zimene linazolowera. Chinangwa chothawiramo panalibe, choncho anatembenuka, nagwada pangolopo, msana kwa apongozi ake.

Koma kumbuyo kwa apongozi akewo kunali chisakasa. Msana umene unaperekedwa kwa a Enifa mwaulemu unafikanso kwa tcheyamani ndi akuluakulu onse, ndipo iwo sanaulandire mwaulemu.

Bokosi la Jailosi linalira kawiri lokha, n'kusiya. Ahedi anayamba kupukuta magalasi amene anali oyera kale.

“Akutanthauza chiyani mnyamata ameneyu?” anafunsa tcheyamani, osakweza mawu. “Akufulatira ndani?”

Anyamata atatu a chipani, a malaya ofiira, anachoka pambali pa chisakasa n'kuyamba kuyenda chakungolo. Pansi pa mango a Filipo anavala chipewa chawo, kusonyeza kuti kwa iwo mlandu watha.

“Tembenuka, Hudson,” ananong'ona Jailosi, maikolofoni n'kuwatola mawuwo kuwamwaza bwalo lonse. “Tembenuka, udzafa iwe.”

“Sindingathe, achimwene,” anayankha Hudson, mawu akenso n'kumveka.

A Enifa sanali munthu wolankhula pagulu. Ngakhale ku Mvano ankapempherera mumtima. Koma anapezeka ataimirira, kambale kali m'manja, miyendo imene anainamizira ija tsopano ikuwawadi. Anayenda mpaka pakhomo pa chisakasa, nagwada.

“Pepani bwana, wolakwa ndine.”

“Inu mayi ndinu ndani?”

“Ndine apongozi ake. Ndinamuuza kuti sindibwera. Wandizindikira phazi.”

“Phazi?”

“Eya bwana, ili.” Ndipo poti anali atasokonezeka, analitulutsadi phazilo kuti tcheyamani alione.

Kuseka kunayambira kwa amayi, amene anamva nkhani yonse nthawi yomweyo. Kunafalikira kwa abambo, amene aliyense wa iwo anali ndi tchire lake limene analowamo pothawa apongozi. Tcheyamani analimbana nako, masaya akugwedera, koma kunamugonjetsa. Anaseka mpaka anatsokomola, anthu n'kumayang'anana kuti kani mano ali nawo.

“Bwererani, bwererani,” anauza anyamata a malaya ofiira. “Ameneyu ndi wolangidwa bwino. Ine ndemwe, ndi galimoto yanga yomwe, apongozi anga ndikawaona pamsewu ndimagona pampando.” Anapukuta misozi. “Koma mayi, ife tabwera kudzaona nkhope, osati msana. Inu pitani kuseri kwa kalasi uko, mwanayu amalize nyimbo yake.”

Zinali zomveka, ndipo munthu wina akanathokoza n'kumapita. Koma a Enifa anayang'ana kumtengo wa mango. Chipewa cha a Filipo chinali chikadali pamutu. Ankamudziwa mlongo wawo. Madzulo akananena kuti galimoto inatsala pang'ono kufika, kuti mudzi wasekedwa pabwalo, kuti lero tapulumuka koma mawa bwanji. Akapita kuseri kwa kalasi, Hudson amaliza nyimbo, koma mphasa amangabe.

“Bwana, kuseri ndakhalako zaka zinayi,” anatero. “Ndiloleni ndilankhule ndi achimwene anga.”

Sanadikire yankho. Anatembenukira kumtengo uja, akadali chogwada, nakweza mawu kuti aliyense amve.

“Achimwene a Filipo! Munati akachita chamanyazi achoke. Mwaona nokha. Anyamata aja akubwera, mnzake akumuuza kuti udzafa, iye wakana kundiyang'ana. Mkamwini wotere munamuonapo kuti? Ine ndikufuna kumumasula lero, pompano. Mwinimbumba ndinu. Mukuti bwanji?”

Anthu onse anatembenukira kwa a Filipo. Tcheyamani naye anasuzumira. Munthu amene anasenza mkungudza kutsika nawo Chambe osapumira, apa thukuta linamutuluka.

“Zimenezi sizichitikira pabwalo la sukulu, achemwali,” anatero. “Ndiponso nkhuku palibe.”

“Nkhuku ili kwanu, yathadzi yofiira ija. Itsatira. Chakudya ndili nacho pano.” Anakweza kambale kaja.

“N'chiyani chimenecho?” anafunsa tcheyamani.

“Kalongonda, bwana.”

“Aa, ndiye kuposa nkhuku kumeneko,” anatero tcheyamani, amene naye anali Mlomwe. “Bambo, yankhani, dzuwa likupita.”

A Filipo anayang'ana msana wa Hudson, umene unali chigwadire pangolo, malaya atanyowa ndi thukuta. Ulemu ankaudziwa akauona, ngakhale utavala tsitsi ngati buledi. Anavula chipewa n'kuchibwezera pabondo.

“Mupatseni,” anatero. “Koma yofiirayo ikuikira. Mutenga yakuda.”

Nthungululu zinabuka. A Enifa anaimirira, nayenda mpaka pangolo, nayika kambale pafupi ndi bondo la mkamwini wawo ndi manja awo awiri. Mawu oyamba kumuuza munthu amene wakhala naye mpanda umodzi zaka zinayi, ungayambire pati?

“Bambo a Rosie,” anatero, “tembenukani. Chakudya chanu ichi.”

Hudson anatembenuka pang'onopang'ono, akadali chogwada. Maso anayambira kumene anazolowera, kumapazi. Anakwera pachitenje, pamanja okhakhala ndi tiyi, nafika pankhope. A Enifa anakankhira duku m'mbuyo, ndipo poti sanadziwe chochita, anamwetulira.

“Koma ndi Rosie!” anafuula Hudson, maikolofoni ili pakamwa. “Amake Rosie, nsidze zija izi! Ndi kampata komwe!”

Bwalo linagwa nako kuseka. Estele, amene anali ataimirira m'gulu mwana ali kumsana, ankaseka ndi kulira nthawi imodzi.

“Nyimbo, mnyamata, nyimbo!” anatero tcheyamani.

Jailosi anayambanso, du-du-pha, du-du-pha. Hudson anaimirira, natsegula pakamwa, koma munalibe kanthu. Emusi Chiperoni, amene mawu ake sankakata, anauma gwa. Bokosi linazungulira kamodzi, kawiri, katatu. Iye ankangoyang'ana nkhope ija ngati munthu amene wapeza chinthu chake chimene sankadziwa kuti chinatayika.

A Enifa anadikira bokosi lifike pamalo pake, poti malowo ankawadziwa bwino kuposa Jailosi yemwe. Kenaka, ndi mawu awo a m'munda wa tiyi, analowa:

“Nkhope sindiidziwa, ine ndidziwa mapazi,
adayenda m'minga kundilerera mkazi...”

Sanaphonye ngakhale pamodzi. Hudson anatsegula maso kwambiri. Nyimbo imeneyo anali asanaiimbepo pagulu, ankaiyeserera motsitsa, akuyesa apongozi ali kudimba.

“Munkamva?” anafunsa.

“Mpanda ndi wa udzu, bambo. Pitirizani, anthu akudikira.”

Anapitiriza. Anaimba za chala ndi khasu, amayi a mzere woyamba n'kumasuzumira phazi la a Enifa kuti atsimikize, iwo osalibisanso. Anaimba za kambale kovindikira kamene nthawi zonse kamangotsala, chonsecho kamafika kodzaza. Apa a Enifa ndi amene anatsegula maso, poti ndime imeneyo anali asanaimvepo. Kani mnyamatayo ankadziwa.

Atazungulira kubwerera poyambira paja, pa “nkhope sindiidziwa,” Hudson anaima. Mawuwo sanalinso oona. Analola bokosi lidutse kamodzi lopanda kanthu, akuwayang'ana m'maso, kenaka anaika ena pomwepo:

“Nkhope ndimaidziwa, ndimainyamula paphewa,
zaka zonsezi, amayi, mwana wanga yemwe ndikumulewa.”

Anthu anakuwa, ana anabwereza, a Janeti analiza wenzulo mosadziwa. Koma a Enifa m'mawu onsewo anamvamo limodzi lokha. Sanati apongozi. Anati amayi.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, a Filipo anafika pakhomo nkhuku ili m'khwapa. Inali yofiira ija. Palibe anawafunsa za yakuda, ndipo iwo sanafotokoze. Anakhala pa mtondo wogoneka, namvera bokosi la Jailosi likulira kuseri kwa mpanda, chala chawo chikugunda pabondo mpaka anazindikira kuti mlongo wawo akuwaona.

A Enifa anapita kumpanda kuja, pamalo pamene ankakonda kukhala posenda kalongonda. Anagwira udzu ndi manja awiri, naukankhira uku ndi uku mpaka panatseguka mpata wokwana nkhope ya munthu.

“Mwananga,” anaitana, “ija ya dengu ija, mzere wachiwiri umathamanga kwambiri. Wothyola tiyi sathyola choncho. Bwera kuno ndikuonetse.”

Hudson anadzuka n'kuzungulira mpanda, Rosie ali paphewa, ndipo kwa nthawi yoyamba a Enifa anamuona akubwera m'malo mothawa.